Mwana wanga amangogwa ndi kugwetsa zinthu, koma akuti alibe vuto

Funso

Mayi wina watilembera motere: "Mwana wanga wamwamuna ali ndi zaka 7. Pakamwa ndi wochenjera, ukamuuza nkhani lero, mawa akubwezera yonse. Koma mabatani a malaya amamukanika, zingwe za nsapato ndiye osanena. Akamadya amatayira, ukamuponyera mpira umam'menya pachifuwa, akathamanga pang'ono wagwa. Aphunzitsi ake akuti ndi waulesi chifukwa samaliza kukopera za pabolodi. Ine ndinayamba kuda nkhawa ali ndi zaka 4. Madokotala awiri anandiuza kuti zidzatha akamakula. Wachitatu anatchula DCD n'kutilembera kalata yopita kwa katswiri wina, ndipo mpaka lero tikudikira. Kodi DCD n'chiyani? Amaipeza bwanji, ndipo n'chifukwa chiyani zikutenga nthawi chonchi? Kapena ndine amene ndikukokomeza?"

Yankho

Amayi, ndiyambira kumapeto kwa kalata yanu, chifukwa funso lomalizalo ndi limene likukusowetsani tulo. Simukukokomeza. Dzina la vuto la mwana wanu lidzachokera kwa amene adzamupime maso ndi maso, osati kwa ine pano. Koma zimene mwalembazi ndazimva kambirimbiri pa ntchito yanga ya occupational therapy, yothandiza ana kuti azitha okha zochita za tsiku ndi tsiku, ndipo kholo limafika litatopa kale ndi kuuzidwa kuti palibe vuto. Zimene mwakhala mukuona pakhomo zaka zitatu zonsezi ndi gawo la kupimako. Popanda umboni wa anthu okhala ndi mwanayo, palibe katswiri amene angatsimikize DCD.

DCD ndi chidule cha mawu achingelezi akuti developmental coordination disorder. Ena, makamaka ku Britain, amakonda kunena kuti dyspraxia. Mwana wa vutoli minofu yake ili ndi mphamvu, maso akuona, nzeru zili bwinobwino, koma thupi limachedwa kuphunzira ntchito zofuna kuti maso, manja ndi miyendo zimvane. Taganizani mmene inu mumamangira batani. Simuyang'ana n'komwe, mumamanga uku mukucheza, chifukwa ubongo wanu unaisunga kalekale ntchitoyo ndipo zala zimangodziyendera. Mukafuna kunyamula kapu, ubongo umayerekeza kulemera kwake musanaigwire. Ikapezeka yopepuka kuposa mmene mumaganizira, dzanja limadzikonza nthawi yomweyo, madzi osatayika. Kwa mwana wa DCD kuyerekeza ndi kudzikonza kumeneku sikuyenda bwino. Ntchito imene anaichita dzulo, lero ali ngati akuiona koyamba. Chilichonse amachita kuchiganizira, ndiye amachedwa, amatopa, ndipo akatopa ndi pamene amalakwitsa kwambiri. Ofufuza amene amajambula ubongo apeza kusiyana m'zigawo zingapo, kuphatikizapo cerebellum, chigawo cha chakunkhongo chimene chimathandiza kuti thupi liziyenda mwadongosolo. Komabe musayembekeze kuti sikani kapena kuyeza magazi kudzaonetsa DCD. Palibe makina amene amaiona.

Nkhani ya ulesi ija imandiwawa. Mwana amene wakopera mizere itatu pamene anzake amaliza tsamba wakhetsa thukuta kuposa onsewo. Iye akulimbana ndi pensulo, ndi mzere wa m'kope, ndi kukhala tsonga pampando, ndi kusataya pamene analekezera pabolodi, zonse pakamodzi. Mukadzamva kuti wayamba kupempha kupita kuchimbudzi nthawi yolemba ikakwana, kapena kuchita zoseketsa anzake, dziwani kuti wapeza kuti kutchedwa wosokoneza kuli bwino kusiyana ndi kusekedwa kuti sangathe.

Vutoli si losowa. Pa ana 100 a msinkhu wa kusukulu, 5 kapena 6 ali nalo, ndiye kuti m'kalasi ya ana 40 mungakhale awiri. Limapezeka kwambiri mwa anyamata, komanso mwa ana obadwa masiku asanakwane kapena obadwa ndi sikelo yotsika kwambiri.

Nanga ngati ndi lofala chonchi, bwanji limatenga zaka kuti lidziwike? Mbali ina ndi yakuti dzinali ndi la posachedwa. Linalowa mu DSM, buku lopimira la bungwe la American Psychiatric Association, mu 1987. Kale ana oterewa ankawatcha mayina osiyanasiyana, monga clumsy child syndrome, ndipo ambiri ankakhulupirira kuti vutoli limatha lokha. Mu 1994 akatswiri a m'mayiko osiyanasiyana anakumana ku London ya ku Ontario, m'dziko la Canada, n'kugwirizana kuti onse azigwiritsa ntchito dzina limodzi la DCD. Mpaka lero alipo azaumoyo ndi aphunzitsi ambiri amene amadziwa bwino autism (vuto la kulankhulana ndi kucheza ndi anthu) ndi ADHD (vuto lolephera kuika maganizo pa chinthu chimodzi ndi kukhazikika) koma za DCD anangomva pang'ono. Komanso taganizani mmene mwana wanu amaonekera m'chipinda cha dokotala. Walowa yekha akuyenda, wapereka moni, wayankha mafunso mwanzeru, thupi silikutentha. M'mphindi zisanu palibe amene amupempha kuti amange zingwe za nsapato. Vuto lake limakhala m'mawa povala, patebulo podya, m'kalasi ndi pabwalo, malo amene dokotala kulibe.

Pali chifukwa china chimene ndiyenera kuchinena mwachilungamo. Ana aang'ono amakula mosiyana kwambiri. Wina amachedwa pa zaka zitatu koma pofika zaka zisanu wawapeza anzake. N'chifukwa chake malangizo a bungwe la European Academy of Childhood Disability, amene anatuluka mu 2012 n'kukonzedwanso mu 2019, amati DCD isamatsimikizidwe mwana asanakwane zaka 5, pokhapokha vuto litakhala lalikulu kwambiri, ndipo apo pamafunika kumupima kawiri patadutsa miyezi itatu kapena kuposa. Choncho dokotala amene sanafune kupereka dzina mwana ali ndi zaka 4 sanalakwe pamenepo. Chimene chinasowa ndi pulani: kukuuzani kuti mubwerenso liti, aziyang'ana chiyani, ndipo muzichita chiyani podikira. Kuona maso a nkhono n'kudekha, inde, koma kudekha kwa pa zaka 4 sikungakhale yankho lomwelo pa zaka 7. Mawu akuti zidzatha akamakula kafukufuku anawatsutsa: ana 50 mpaka 70 pa 100 alionse amakhalabe ndi vutoli akafika paunyamata, ndipo ambiri amakula nalo.

Simuli nokha pa mzere wodikirawu. Kafukufuku wina wa ku Britain wa mu 2015 anafunsa makolo 228, ndipo anapeza kuti kuchokera tsiku limene kholo linapempha thandizo koyamba kufika tsiku limene DCD inatsimikizidwa, pamadutsa zaka pafupifupi ziwiri ndi theka. Ku Canada, Cheryl Missiuna ndi anzake a pa yunivesite ya McMaster anakhala pansi ndi makolo n'kumva nkhani zawo. Zinali zofanana ndi yanu: kholo limadziwa msanga kuti china chake sichili bwino, koma limangotumizidwa uku ndi uku.

Tsopano tione mmene amapimira. Pali zinthu zinayi zimene ziyenera kukwanira zonse. Luso la mwana logwiritsa ntchito thupi likhale lotsika kwambiri poyerekeza ndi msinkhu wake komanso mwayi umene wakhala nawo wophunzira. Mfundo ya mwayiyi ndi yofunika: mwana amene sanagwirepo sizasi sangaweruzidwe ndi sizasi. Kenako vutolo likhale likusokonezadi moyo wake, pa kudzisamalira, kusukulu ndi posewera. Likhale linayamba ali wamng'ono. Pomaliza, pasapezeke china chimene chikulifotokoza bwino, monga vuto la maso, kuchedwa kwa nzeru, cerebral palsy (kulumala kobwera chifukwa cha kuvulala kwa ubongo mwana ali m'mimba kapena ali wakhanda) kapena matenda a minofu.

Mukaziyang'ana zinayizi muona chifukwa chake anthu amakankhirana. Choyamba chimayezedwa ndi a occupational therapy kapena a fiziyo. Chomaliza ndi cha dokotala wa ana, amene amapima mitsempha, minofu, maso ndi makutu. Ziwiri zapakatizo zili m'manja mwa inu ndi aphunzitsi. Ndani angadziwe kuti kuvala kumatenga mphindi 25 m'mawa uliwonse? Ndani akukumbukira kuti anakhala pansi liti, anakwawa liti, anayenda liti? Theka la umboni muli nalo ndinu.

Ndiye musapite chimanjamanja. Kwa masabata awiri lembani m'kope zimene zikuchitika, tsiku ndi tsiku, mwachidule. Musalembe kuti "amavutika kudya". Lembani kuti "Lachiwiri wagwetsa kapu kawiri, supuni akuigwira ndi nkhonya, wamaliza kudya aliyense atanyamuka". Mujambuleni pafoni mavidiyo aafupi akuvala, akukwera masitepe, akuwakha mpira, akulemba, koma iye asaone ngati ali pa mayeso. Tengani makope ake a kusukulu, lakale ndi latsopano, chifukwa katswiri adzafuna kuona mmene zilembo zimayambira bwino pamwamba pa tsamba n'kumabalalika akamatsika. Pemphani aphunzitsi alembe zimene amaona, ngakhale atalemba mawu omwe aja a ulesi. Kwa ife, mwana wanzeru amene samaliza kulemba ndi chizindikiro. Tengani ndi zolemba za kuchipatala za pamene munali woyembekezera ndi pamene anabadwa.

Tsiku lopimalo si loopsa. Muyezo wofala kwambiri umatchedwa Movement ABC, ndipo mtundu wake wachiwiri, wa mu 2007, uli ndi ntchito 8 zimene zimatenga mphindi 20 mpaka 40. Wa zaka 7 amamupatsa timitengo tolowetsa m'mabowo, chingwe cholowetsa m'kathabwa, kanjira kolondola ndi cholembera osatuluka m'mizere, mpira woti awakhe ndi manja awiri, kathumba koti aponye pa chandamale, kenako kuima ndi mwendo umodzi, kuyenda pamzere chidendene chikugunda zala, ndi kudumpha ndi mwendo umodzi. Ana ambiri amaziona ngati masewera. Zotsatira amaziyerekeza ndi ana a msinkhu womwewo: mutandandalika ana 100, akakhala pakati pa 16 akumunsi ndiye kuti mfundo yoyamba ija ikhoza kukwanira, ndipo akakhala pakati pa 5 akumunsi vuto ndi loonekeratu. Mwina adzakupatsaninso fomu ya makolo yotchedwa DCDQ, ya mafunso 15. Yankhani zoona. Makolo ambiri, chifukwa cha chikondi, amachonga zimene mwana amatha pa tsiku labwino. Chongani za tsiku wamba. Musamuphunzitsenso ntchitozi kunyumba kuti akachite bwino, chifukwa akapambana mwa njira imeneyo wataya thandizo lake lomwe.

Pali chinthu china chimene ndimapempha kholo lililonse, ndipo ndinachiphunzira mochedwa. Pemphani kuti gawo lofotokoza mavuto mulankhule mwana ali panja. Ndinaonapo mwana atakhala zyoli pampando, akumvetsera amayi ake akundiwerengera zonse zimene zimamukanika, chimodzichimodzi, kwa mphindi khumi. Amayiwo sanalakwe, ndine amene ndinafunsa. Kuyambira tsiku limenelo sindifunsanso zimenezi mwana ali pomwepo.

Ndisanapitirire, pali zizindikiro zimene siziyenera kudikira mzere uliwonse. DCD sichititsa mwana kutaya luso limene anali nalo. Ngati ankakwera masitepe koma pano akulephera, ngati kugwa kukuchuluka mwezi ndi mwezi, ngati mbali imodzi ya thupi ndi yofooka kapena yolimba kuposa inzake, ngati akamadzuka pansi amachita kugwira mawondo ndi ntchafu ngati akukwera miyendo yake yomwe, ngati mutu umamupweteka m'mawa mpaka kusanza, bwererani kwa dokotala sabata yomweyo ndipo munene zimenezo mwachindunji. Kudzuka mogwira ntchafu kuja, makamaka mwa mnyamata, kumafuna kuyeza magazi kotchedwa creatine kinase, kofufuza matenda a minofu monga Duchenne muscular dystrophy. M'kalata yanu mulibe zimenezi, koma ndi bwino muzidziwe.

Funsaninso kuti amuone mbali zina. DCD kawirikawiri imabwera ndi anzake. Pafupifupi theka la ana a DCD ali ndi ADHD, ndipo ambiri ali ndi vuto la kuwerenga kapena la kalankhulidwe, ena autism. Zimachitika kuti mwana wapezeka ndi chimodzi, aliyense n'kukhutira, china chija n'kutsala osachiona.

Tsiku limene dzina lidzatchulidwe, mtima wanu udzachita zambiri nthawi imodzi. Makolo ambiri amayamba ndi kupuma: kani sindinali wamisala. Kenako umabwera mkwiyo pa zaka zimene zatayika, ndi chisoni pomva kuti vutoli ndi lokhalitsa. Koma cholemera kwambiri chimene ndimaona ndi kudziimba mlandu. Bambo wina atamva zotsatira anangoti kakasi, kenako n'kunena motsitsa kuti, "Ndiye kuti zaka zonsezi ndimamukalipira pa chinthu chimene sakanatha." Ngati mawu amenewa akukukhudzani, amayi, mverani: munachita zimene munkadziwa, ndipo amene munawafunsa anakuuzani kuti palibe vuto. Kaleredwe kanu si kamene kanabweretsa DCD. Mwana wa zaka 7 amamva bwino kholo likamuuza kuti, "Ndinkaganiza kuti sukuyesetsa. Tsopano ndadziwa kuti umayesetsa kwambiri. Pepa." Zimachitikanso kuti kholo limodzi lalandira dzinalo pamene lina likukana, mwina chifukwa nalonso linali chonchi pa ubwana ndipo linangopirira. Musakanganirane dzinalo. Mutengeni mnzanuyo tsiku lopima akaone yekha mmene mwana akulimbanirana ndi kachingwe kaja.

Chimene chimakhumudwitsa makolo ambiri ndi chakuti pambuyo pa dzina sipabwera kanthu. Wapatsidwa pepala, wauzidwa kuti zikomo, basi. Ndiye musatuluke m'chipindamo musanafunse: lipoti lolembedwa tidzalandira liti, ndipo kodi mulembamo zimene sukulu iyenera kuchita? Ndani amene azimuphunzitsa, kangati? Tidzabwerenso liti? Safunsa adadya phula.

Koma nazi zimene ndikufuna muyambe mawa, kalata ija isanayankhidwe. Palibe mankhwala ochiza DCD. Chimene kafukufuku wasonyeza kuti chimathandiza kwambiri ndi kuphunzitsa mwana ntchito yeniyeni imene akuifuna, osati masewera ongolimbitsa thupi poyembekeza kuti mabatani adzabwera okha. Akufuna mabatani, aphunzire mabatani. Njira imodzi yodziwika bwino imatchedwa CO-OP, imene anaikonza Helene Polatajko ndi Angela Mandich ku Canada. Mwana amatchula cholinga chake, amakonza pulani, amachita, kenako amaona ngati pulaniyo yagwira. Mphamvu yake ili pakuti imagwiritsa ntchito chimene mwana wanu ali nacho chambiri, pakamwa ndi mutu. M'malo momuuza kuti "gwira chonchi", mumamufunsa: "Batani lathawira kuti? Ndi chala chiti chimene chikanalidikira kuseri kwa bowo?" Iye akapeza yekha yankho n'kulinena ndi mawu ake, amalikumbukira. Ndipo zikakanika, yalephera ndi pulani, osati mwana. Mumangokonza ina.

Yambani ndi malaya a mabatani akuluakulu atayalidwa patebulo, osati ali m'thupi. Ayambire batani lakumunsi limene akuliona. Muzichita madzulo kapena tsiku lopuma, mphindi zisanu kapena khumi, osati m'mawa pamene aliyense akuthamangira nthawi. M'mawa muthandizeni basi, kapena mumupezere nsapato zomata ndi zovala zopanda mabatani ambiri. Kumeneko si kumulekerera. Mphamvu zake ndi zowerengeka, ndipo ndi bwino akafike nazo m'kalasi kusiyana n'kuti zithere pa zingwe za nsapato. Ntchito imodzi pa nthawi imodzi, ina idikire.

Kusukulu pitani mukakhale pansi ndi aphunzitsi, osati kukawazenga mlandu, chifukwa nawonso mwina sanamvepo za vutoli. Atengereni makope omwe aja. Zopempha zake si zodula. Achepetse zokopera, kapena amupatse zolembedwa kale kuti iye angodzaza mayankho. Amuwonjezere nthawi. Nthawi zina amufunse pakamwa kuti aone zimene akudziwa, chifukwa dzanja lake likubisa nzeru zake. Akhale pafupi ndi bolodi, pampando woti mapazi afike pansi. Asamutsekere m'kalasi nthawi yopuma kuti amalize kulemba, ndipo pa masewera asalole kuti ana azisankhana okha, chifukwa wotsala kumapeto amakhala yemweyo tsiku lililonse. Akamakula, kutayipa pa kompyuta kumamasula ana ambiri oterewa.

Za masewera ndinenepo pang'ono, chifukwa apa ndi pamene pamabisala ngozi ya mtsogolo. Mwana amene amasekedwa pabwalo amasiya kusewera, akasiya kusewera thupi limafooka ndipo anzake amachepa, kenako nkhawa ndi kudzikayikira zimalowa. Zimenezi zimapweteka kuposa zilembo zokhota. Mpira wa anthu ambiri ndi wovuta chifukwa chilichonse chikuyenda nthawi imodzi. Kusambira, kuthamanga, kupalasa njinga pamalo opanda chipwirikiti, zimene amachita pa liwiro lake, nthawi zambiri zimamuyendera bwino akapeza womuphunzitsa woleza mtima.

Pa kalata ija, imbani foni kapena pitani mukafunse ngati inafika, kuti muli pati pa mzere, ndiponso ngati angakuitaneni wina akalephera kubwera. Makalata amasokera. Lembani tsiku limene mwafunsa ndi zimene akuyankhani, ndipo pakatha mwezi mufunsenso.

Mwana wanu naye amadziwa kale kuti china chake n'chosiyana, ndipo ana akasowa wowafotokozera amadzipezera yankho lawo, lakuti ndine wopusa. Simufunika kudikira lipoti kuti mumuuze kuti mutu wake ndi wakuthwa koma manja ndi miyendo yake zimafuna nthawi yambiri kuti ziphunzire, ndiponso kuti pali ana ena ambiri otero. Mukatero mufunseni kuti, pa zonse zimene zimamuvuta, n'chiti chimene iye akufuna kuyamba kuchitha. Inu mwina mukuyembekeza kuti atchula kulemba. Ambiri amene ndawafunsa amatchula njinga, kapena kuwakha mpira kamodzi kokha anzake akuona. Chimene atchulecho chilembeni pa tsamba loyamba la kope lija, ndipo mupite nacho kwa katswiriyo.